Mavolontiya akunja akufuna kudzathandiza sukulu yanu pa nkhani ya madzi: muyambire pati?

Kuseri kwa buloko ya Sitandade 3 pasukulu ina kuno ku Mulanje kuli thanki yobiriwira itakhala pamwamba pa nsanja yachitsulo. M'munsi mwake muli chikwangwani cha mayina a alendo amene anaigula, ndi timbendera tiwiri, kathu ndi kakwawo. Madzi anatuluka miyezi isanu ndi iwiri yokha. Kenako kabokosi koyendetsa pampu ya sola kanapsa ndi mphenzi, tinakasaka m'masitolo a ku Limbe osakapeza, ndipo amene ankadziwa kumene kanagulidwa anali atabwerera kwawo kalekale. Lero pansi pa nsanjayo ndi pamene amayi ophika phala amaunjika nkhuni. Ine ndinali mlembi wa komiti ya sukuluyo, ndipo tsiku lotsegulira ndinaomba nawo m'manja mpaka zikhato kuwawa. Ndikulemba izi ngati munthu woti anapsa kale.

Alendowo sanalakwe. Anatifunsa kuti tikufuna chiyani, ife tinati chilichonse chimene mungakwanitse, zikomo. Paja mlendo ndi mame. Amakhala milungu iwiri kapena itatu, amapita, ndipo chimene wasiyacho chimatsala m'manja mwa a hedi, a komiti ndi anyakwawa. Ndiye inu a komiti anzanga, aphunzitsi ndi mafumu a ku Mulanje ndi ku Thyolo, uthenga ukafika woti kuli gulu la ku Scotland, ku Germany kapena ku America likufuna kubwera, yesani kuyenda motere.

Uthengawo musauyankhe nokha

Kawirikawiri uthenga umafikira munthu mmodzi pa WhatsApp: mphunzitsi wodziwa Chingerezi, abusa, kapena mnyamata amene anaperekeza alendo kukwera phiri kuchokera ku Likhubula n'kusinthana nawo manambala. Ngati munthuyo ndinu, yankhani mawu awiri okha, othokoza ndi olonjeza kuti mubweranso ndi yankho la anthu onse. Mukatero kauzeni a hedi. A hedi aitanitse komiti ya sukulu, a PTA, a mother group, anyakwawa a midzi yonse imene imatumiza ana pasukulupo, ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo.

Musaiwale amayi ophika phala ndi atsikana awiri atatu a Sitandade 7 kapena 8. Abambo a komiti timadziwa za madzi pa pepala. Amene amadziwa kuti mjigo umayamba kutsokomola mwezi uti, kuti mzere umatalika nthawi yanji, kuti ndi ana angati amene amaphonya phunziro loyamba chifukwa atumidwa kumtsinje ndi zigubu, ndi iwowo. Muwapatse mpata wolankhula mafumu asanatseke nkhani, chifukwa a gulupu akangoti tagwirizana, palibe mtsikana amene angakweze dzanja.

Nkhani ikayambira kumbali, munthu mmodzi akulemberana ndi azungu mobisa, mapeto ake ndi mphekesera zoti wadya madola. Ngakhale asanadye kalikonse.

Tengani ndowa ndi kope, muyeze madzi amene muli nawo kale

Apa ndi pamene ambiri timadumpha, pamene ndi pamene pagona nkhani yonse. Musanapemphe chatsopano, yendani malo onse amene ana amatunga madzi: mjigo wa pasukulu, wa m'mudzi woyandikana nawo, mpopi wochokera m'phiri ngati ulipo, chitsime, mtsinje. Lembani mtunda wake, chaka chimene chinamangidwa ngati pasimenti panalembedwa, ndi miyezi imene chimauma.

Mijigo yambiri ya m'midzi mwathu muno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ili ndi mayeso awiri amene munthu aliyense angachite popanda chipangizo china kupatula ndowa ya malita 20 ndi wotchi ya pafoni.

Oyamba ndi oona ngati mjigo ukudontha pansi. Pompani mpaka madzi atuluke bwinobwino, kenako uletseni kwa mphindi 30, pasapezeke woukhudza. Mukabwerera, werengani kuti mwatsitsa chogwirira kangati madzi asanatuluke. Kukapitirira kasanu, ndiye kuti madzi akubwerera pansi, mwina pa valavu ya pansi penipeni kapena paipi ina yang'ambika. N'chifukwa chake mayi woyamba kufika pamjigo m'mamawa amapompa mpaka thukuta.

Achiwiri ndi oona mphamvu. Madzi akayamba kutuluka, ikani ndowa, pompani ka 40 modzaza, kuchokera pamwamba mpaka pansi, kwa mphindi imodzi. Mjigo wabwino umapereka malita 16 kapena kuyandikira pamenepo. Ukalephera kufika malita 10, labala wa pa pulanja, kachipangizo kokweza madzi m'paipi, watha kapena pali china chavuta, itanani makaniko wa m'dera. Gwedezaninso chogwirira cham'mbali. Chikamasewera ndi kulira kwekwekwe, mabushi, timapulasitiki timene chogwirira chimazungulirapo, atha.

Ndikutchula izi chifukwa mijigo yambiri imene timati yafa siinafe. Yangosowa labala, mabushi kapena ndodo imodzi yaduka, zinthu zogulika pa Chitakale kapena pa Luchenza ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kuitanitsa galimoto yokumba. Afridev anaipanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusolola ndodo, pulanja ndi valavu ya pansi ndi sipanala imodzi ndi kachitsulo kokowera, mapaipi ali m'malo mwake. Mukauza alendo kuti mjigo wathu unafa musanayeze, adzasonkha ndalama za mjigo watsopano, ndipo sukulu idzakhala ndi mijigo iwiri yodikira tsiku limene labala adzathe.

Werenganinso anthu. Muyezo wa boma ndi mjigo umodzi kwa anthu 250, pa mtunda wosapitirira mamita 500. Kuchokera pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, sukulu ya ana opitirira 1,000 si yachilendo kuno, ndipo mjigo womwewo umamwetsanso mudzi. Zikatero, ngakhale mjigo uli wamoyo, muli ndi chifukwa chomveka chopemphera wachiwiri. Manambala amenewa, ndi zithunzi za mzere wa zigubu nthawi ya buleki, ndi zimene muwatumizire alendowo.

Sankhani chimodzi

Mukabwera ndi kope lanu pamsonkhano wachiwiri, njira zimakhala zingapo: kukonza mjigo wakale ndi kumanganso simenti yake, kulumikiza sukulu ku mpopi wochokera m'phiri, kukumba mjigo watsopano, kapena kuika sola ndi thanki.

Ife a m'mbali mwa phiri tili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Madzi amatsika okha, osafuna injini kapena magetsi. Mipopi yoyenda yokha yotereyi inayalidwa kuno kuyambira zaka za m'ma 1970, anthu akukumba okha ngalande ndi makasu, ndipo lero madzi a Likhubula akufika mpaka ku Blantyre. Koma namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mapaipi ndi malo otapira madzi m'madera ambiri a Mulanje ndi Phalombe. Ngati paipi yaikulu ikudutsa pafupi ndi sukulu yanu, kambiranani ndi bungwe la ogwiritsa ntchito madzi limene likuyendetsa mpopiwo. Mwina chimene chikusoweka ndi mapaipi a mamita mazana angapo. Funsani za bilu ya pamwezi musanasangalale, ndipo funsaninso ngati madzi amafika mu Okutobala.

Za sola ndanena kale mmene zinandithera. Sindikuikana. Sukulu yaikulu, yokhala ndi nyumba za aphunzitsi, mlonda wolipidwa ndi kampani ya m'dziko muno yosayina kuti idzabwera ikaitanidwa, ikhoza kupindula nayo. Koma ngati mukuumirira sola, uzani okumba asiye njira yoti tsiku limene yafa mutha kubwezeretsa chogwirira cha manja, kapena sungani mjigo wakale uli wamoyo. Mapanelo amabedwanso, musadzinamize.

Ndipo madzi abwino salekana ndi zimbudzi. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Ngati ndalama za alendo zatsalako, zipite ku zimbudzi za atsikana zokhala ndi chitseko ndi kachipinda kosinthira, komanso posambira m'manja. Utoto wa pakhoma ubwere pamapeto.

Pitani kuboma ndi mapepala anu

Kalata ya komiti, yodindidwa ndi a hedi ndi a gulupu, idutse kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku TDC kwanu, likulu la zoni ya sukulu zanu, ipite ku ofesi ya zamaphunziro kukhonsolo. Ina ipite ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu. Makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, VDC ndi ADC, adziwenso, kuti chitukukocho chilowe m'mabuku awo. Ambiri amaona ngati uku n'kutaya ndalama ya minibasi, ena amaopa kuti akuluakulu akamva asamutsira thandizolo kwina. Koma a ofesi ya zamadzi ndi amene amadziwa kumene anakumbapo n'kupeza mwala wokhawokha, amadziwa makontilakita amene anathawa ntchito ili pakati, ndipo ndi iwo amene amaphunzitsa makomiti a mijigo. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsanso bungwe la National Water Resources Authority, ndipo wokumba mjigo amayenera kukhala ndi chilolezo chochokera kumeneko. Mjigo wokumbidwa mozemba ukadzavuta, mudzachita manyazi kukagogoda pa ofesi imene munailambalala.

Afufuzeni alendowo, ndipo gwirizanani za mwezi

Kufunsa mlendo mafunso si mwano. Akubwera angati, a misinkhu yanji, amadziwa ntchito yanji? Akudzera m'bungwe liti, ndipo bungwelo linalembetsedwa kuno ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, kapena akubwera kudzera mu mpingo? Anagwirapo ntchito pasukulu ina m'Malawi muno? Ngati inde, pemphani dzina la sukuluyo, mukwere kabaza mukaone nokha ngati chimene anasiyacho chikugwirabe ntchito. Aliyense wamkulu amene adzakhale pafupi ndi ana atumiziretu kalata ya apolisi akwawo yosonyeza kuti alibe mlandu wokhudza ana. Kwawoko n'zozolowereka, sangadabwe. Za ziphaso zolowera m'dziko ndi chilolezo cha amene akufuna kukhalitsa, afunse okha ku Immigration asananyamuke, inu mungowalembera kalata yowaitana.

Mabungwe akale monga Peace Corps, amene anayamba kutumiza anthu kuno mu 1963, kapena mavolontiya a ku Japan amene anayamba mu 1971, amakhala zaka ziwiri, amaphunzira chinenero, ndipo amabwera kudzera m'boma. Amene ndikunena pano ndi timagulu ta milungu yochepa, ta mpingo, ta sukulu za sekondale kapena mayunivesite.

Timagulu timeneti timakonda Julayi ndi Ogasiti chifukwa ndi nthawi ya holide yawo. Vuto n'lakuti sukulu zathu zimatseka chakumapeto kwa Julayi n'kudzatsegula mu Seputembala. Ife gulu lathu lija linafika sukulu itatseka, tinachita kuitana ana ndi belu kuti avale yunifolomu adzaimbe. Auzeni poyera: ngati akufuna kukumana ndi ana m'kalasi, abwere mu Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, mayeso a Sitandade 8 atadutsa, atenge majuzi chifukwa cha chiperoni. Ngati akufuna kuona mjigo ukukumbidwa, nthawi yabwino ndi Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Nthawi imeneyo madzi a pansi amakhala atatsika, ndiye mukawapeza mwawapezadi. Mjigo wokumba mu Febuluwale umanamiza, ndipo galimoto yokumba imatitimira m'misewu yathu ya dothi lofiira.

Palibe chokakamiza kuti kukumba kuchitike alendo ali pompo. Kukakamiza kontilakita kuti amalize Lachisanu chifukwa ndege inyamuka Lamlungu ku Chileka ndi kumene kumabala simenti yong'ambika.

Lembani pangano, ndalama zidutse poyera

Tsamba limodzi kapena awiri, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Alendo apereka chiyani, mudzi upereka chiyani, ndani asunga ndalama, ndani asayina kuti ntchito yatha, chotsala chipita kuti. Mudzi ulonjeze zimene ungathedi: mchenga, miyala, kulambula njira, mpanda wa mjigo, mlonda wa zipangizo usiku. Musalonjeze njerwa zootcha pa nyumba ya sukulu, chifukwa kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amafuna mabuloko a simenti kapena njerwa zosaotcha pa nyumba za boma. Ndiponso taonani mmene mitengo yathera m'phirimu.

Ndalama zisalowe pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Zilowe ku akaunti ya sukulu kapena ya bungwe lodziwika, yosayinira anthu atatu, kapena alendowo alipire kontilakita mwachindunji komiti ikavomereza gawo lililonse. Chimene chalowa ndi chimene chatuluka chilembedwe pa pepala lalikulu, limatidwe pakhomo la ofesi ya a hedi, monga mmene timachitira ndi ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu.

Achenjezeni za mitengo ya zinthu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mtengo wa simenti ndi mafuta sudikira. Kotesheni ya mu Malichi siigwira ntchito mu Seputembala. Asunge ndalamazo mu ndalama yakwawo mpaka nthawi yogula itayandikira. Auzeninso asadzaze masutikesi ndi masefa a madzi kapena zipangizo za pampu zosapezeka kuno. Chilichonse chimene chikaonongeka sichingagulidwe ku Limbe, chisabwere.

Maalawansi kambiranani lero lomwe. Ngati palibe, anthu adziwe kuti palibe, kusiyana n'kuti adzanyanyale pa tsiku lachitatu.

Kontilakita ndi tsiku lokumba

Tengani makotesheni atatu. Wotsika mtengo kwambiri mumuope. Mu kontilakiti mulembe kuti malo ayezedwa ndi makina osaka madzi asanakumbe, ndiponso kuti akakumba n'kupeza pouma, ndani aluza. Makontilakita ambiri amavomera pangano loti amalipidwa mjigo ukatulutsa madzi okwanira. Gawo lina la malipiro, monga 10 peresenti, litsale m'manja mwanu mpaka mjigo utadutsa miyezi ingapo.

Malo asankhidwe ndi madzi a pansi ndi ukhondo. Akhale mamita osachepera 30 kuchokera ku zimbudzi, kudzala, kukhola ndi kumanda, ndipo akhale kumtunda kwa zimbudzizo. M'mapiri a ku Thyolo, kumene sukulu zambiri zinamangidwa potsetsereka, ili ndi lofunika kuliyang'anitsitsa. Ganiziraninso zimbudzi zimene mudzakumbe zaka zikubwerazi, chifukwa za lero zidzadzadza. Pamakhala chiyeso choti mjigo ukhale kuseri kwa nyumba ya a hedi kapena pafupi ndi kwa amfumu. Ngati malowo ali m'munda wa munthu, asayine pamaso pa mfumu kuti wapereka, apo ayi adzukulu ake adzaikapo loko.

Tsiku lokumba sankhani anthu awiri odziwa kulemba, akhale pamthunzi ndi kope kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Awerenge ndodo zokumbira zimene zalowa pansi, afunse kutalika kwa ndodo imodzi, achulukitse. Alembe mita imene madzi anayambira kuoneka. Awerenge mapaipi a pulasitiki amene atsitsidwa, angati osabooka, angati a timing'alu tolowera madzi. Aone kuti timiyala tosefa tathiridwa m'mbali, ndiponso kuti chakumtunda atseka ndi simenti kuti madzi a mvula asamalowe. Kontilakita akaona gogo wavala magalasi akulemba, mamita sasowa. Apa ndi pamene volontiya wodziwa zauinjiniya, ngati alipo m'gululo, angakuthandizeni kwambiri, atakhala limodzi ndi mlangizi wochokera ku ofesi ya zamadzi.

Madzi akaphulika, nthungululu zimamveka mpaka kumsika, ndipo aliyense amaiwala zotsala. Zotsalazo ndi izi: kupemerera mjigo mpaka madzi ayere, kuupopa ndi injini kwa maola angapo kuti aone ngati sukuphwa, kuthiramo klolini, ndi kutumiza madzi ku labotale kuti akayezedwe ana asanayambe kumwa. Afridev imakoka bwino mpaka mamita 45, choncho funsani kuti silinda, mmene pulanja imayendamo, yaikidwa pa mita iti ndipo madzi amaima pati. Simenti yozungulira ikhale yotsetsereka, ngalande italike, ikathere m'dzenje la miyala kapena m'dimba la sukulu. Pepala la zonsezi, lipoti la mjigo, kope imodzi ikhale mu ofesi ya a hedi, ina ku ofesi ya zamadzi. Ife lipoti lathu linakwera ndege.

Alendo akafika

Akagona kuti? Nyumba ya mphunzitsi yopanda munthu, nyumba ya alendo ya mpingo, kapena malo ogona alendo pa boma n'kumabwera m'mawa. Paliponse pakhale neti pa bedi lililonse, chimbudzi chotsekeka, bafa ndi madzi akumwa owiritsa kapena othira WaterGuard, kachivindikiro kamodzi mu malita 20, kudikira mphindi 30. Malungo sasankha khungu, ndipo kwa iwo amabwera mwaukali. Adziwe chipatala chapafupi tsiku loyamba, kaya ndi cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo, cha Mulanje Mission kapena Malamulo ku Makwasa, ndipo pakhale nambala ya galimoto imene ingadzuke usiku. Apolisi a m'dera adziwitsidwenso kuti muli ndi alendo.

Chakudya alipire okha, ophika alipidwe. Musaphe nkhuku za mudzi wonse. Nsima, nandolo, nyemba, chigwada, mbatata yootcha, chinanazi ndi mapeyala amadya mokondwa. Kalongonda muwalawitse ngati waphikidwa ndi wodziwa, osati wophunzira. Funsani ngati pali wosadya nyama kapena wodana ndi mtedza, chifukwa ena mtedza umawatseka kukhosi.

Tsiku loyamba apite kwa mfumu akalonjeredwe. Mayi mmodzi wa komiti awatengere atsikana pambali awaonetse kamangidwe ka chitenje, mnyamata wina awaphunzitse moni, zikomo, ndi kupereka chinthu ndi manja awiri. Mawu awiri atatu a Chilhomwe amasangalatsa agogo kuposa mphatso.

Ntchito muwakonzere iwo asanafike, tsiku ndi tsiku. Mwana wa zaka 17 wochokera ku Glasgow sangamange khoma kuposa mmisiri wa pamudzi panu, ndipo si bwino kuti alande ganyu ya munthu amene akusaka fizi. Mmisiri alipidwe, mlendo akhale wothandizira: kusakaniza matope, kututa miyala, kukumba ngalande, kupaka utoto. M'kalasi asasiyidwe yekha. Ana a Sitandade 1 ndi 2 Chingerezi chake sangachimve, angomuyang'ana tsitsi. Akhale ndi mphunzitsi wa Sitandade 6 kapena 7, azimvetsera ana akuwerenga m'timagulu, aziyimba nawo, azisewera nawo mpira. Akhozanso kupanga mpondagiya ndi ana pafupi ndi zimbudzi: timitengo titatu, kachigubu, chingwe ndi sopo kapena phulusa. Koma wophunzitsa kusamba m'manja akhale mlangizi wa zaumoyo, kuti ana asamaone ngati ukhondo ndi mwambo wa azungu.

Malamulo okhudza ana awerengedwe pamaso pa onse, alendo ndi eni mudzi. Mlendo asakhale ndi mwana awiriwiri m'chipinda. Mwana asapite kumene alendo akugona. Zithunzi zijambulidwe a hedi ndi makolo atavomera, ndipo mwana wong'ambika zovala kapena wodwala asaikidwe pa Facebook kuti anthu amve chisoni. Maswiti, mapensulo ndi ndalama zisaponyedwe m'gulu la ana. Mphatso zidzere ku ofesi, zigawidwe m'makalasi. Ndinaonapo mwana wa Sitandade 1 atapondedwa polimbirana mabaluni, ndipo patapita chaka ana a pasukulupo ankathamangirabe galimoto iliyonse yoyera akukuwa kuti giv mi mane. Pakachitika chokayikitsa, kaya wachita ndi mlendo kapena wa kwathu konkuno, kuli a mother group, apolisi ndi nambala yaulere yothandiza ana ya 116.

Akuluakulunso tidzigwire. Kukokera mlendo kuseri n'kumupempha foni kapena fizi ya mwana wako kumaononga dzina la sukulu yonse. Zopempha zonse zidzere ku komiti.

Loweruka muwalole akaone mathithi a Likhubula, minda ya tiyi, kapena akwere phiri ndi wowaperekeza wovomerezeka. Ku Sapitwa, pa mamita 3,002, asapite okha. Anthu anasowako kumeneko.

Mlungu womaliza

Komiti ya mjigo isankhidwe galimoto yokumba isanafike, anthu khumi, theka kapena kuposerapo amayi, msungichuma akhale mayi wodalirika wokhazikika pamudzi, osati mphunzitsi amene angasamutsidwe teremu ya mawa. Maphunziro awo alowe mu bajeti ya alendo kuyambira pachiyambi. Mlungu womalizawu, makaniko wa m'dera abwere, komiti imasule mjigo watsopanowo ndi manja awo, isolole ndodo zonse, iziyale pa mitengo kuti zisakhudze dothi, ione labala, ibwezeretse, madzi atuluke. Alendo aonerere, ajambule ngati akufuna. Anthu amaopa kumasula chinthu chatsopano, koma ndi bwino kulakwitsa makaniko ali pomwepo.

Pemphani alendo kuti m'malo mwa chikwangwani chachikulu agule sipanala, chokowera, malabala angapo, mabushi ndi ndodo imodzi yapadera. Zisungidwe mu ofesi, zilembedwe m'kope, kiyi akhale ndi anthu awiri.

Kenako gwirizanani za chopereka. Banja lililonse lotunga pamjigopo lizipereka kangachepe pamwezi, sukulu izipereka gawo lake. Okalamba ndi ana amasiye komiti iwaganizire. Ndalama yongokhala m'mpango imatha mphamvu kapena imabwerekedwa pa maliro osabwerera, choncho makomiti ena amaiika ku banki mkhonde, ena amaguliratu zipangizo ikangokwana. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi, chifukwa labala sangabwerekedwe. Lembaninso malamulo a pamjigo: nthawi ya ana a sukulu ndi nthawi ya mudzi, kuchapa kutali, ziweto kunja kwa mpanda, ana asamalendewere pa chogwirira kapena kuchimenyetsa pansi, ndi kalasi imene ikusesa sabata iliyonse.

Tsiku lotsanzikana kuvinidwe, tchopa ngati alipo ovina, amfumu alankhule, a PEA alankhule. Pa mwambo womwewo wapampando wa komiti ya mjigo alandire sipanala pamaso pa anthu onse, ndipo atchule tsiku la msonkhano woyamba.

Alendo akapita, sankhani munthu mmodzi woti aziwalembera pakatha miyezi itatu iliyonse, uthenga wovomerezedwa ndi komiti. Muziwauza zoona, ngakhale mjigo utaima sabata imodzi, ndi mmene mwaukonzera. Pa tsamba loyamba la kope la mjigo lembani nambala ya makaniko, ya mlangizi wa zamadzi, ya kontilakita ndi dzina la sitolo imene imagulitsa zipangizo. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, belu lisanalire, ana awiri a Sitandade 7 ndi mayi mmodzi wa komiti apite ndi ndowa, apompe ka 40, alembe deti ndi malita. Nambalayo ikayamba kutsika kuchoka pa 16 kupita ku 13, ku 12, tumani munthu akagule labala sabata yomweyo.